Fakitale ya machip yopanda wogula wamkulu ndi chinyumba chabe

Mu Julayi 2025 kampani ya Intel inalemba m'lipoti lake la zachuma mawu omwe zaka khumi zapitazo akanamveka ngati nthabwala. Inati ikapanda kupeza kasitomala wamkulu wochokera kunja, ikhoza kuimitsa kapena kusiyiratu kukonza luso lake lotsatira lopangira machip (tizipangizo ta silikoni tomwe ndi ubongo wa mafoni ndi makompyuta), lomwe imalitcha 14A. Sinadandaule kuti akatswiri athawa. Sinanene kuti makina akusowa. Makina odula kuposa onse m'ntchito imeneyi, a High-NA EUV ojambulira mizere ya chip ndi kuwala, ochokera ku kampani ya ASML ya ku Netherlands, omwe amodzi okha amaposa madola 350 miliyoni, anafika kufakitale yake ya ku Oregon kampani ina iliyonse isanawakhudze n'komwe. Chomwe Intel inkasowa ndi woti agule.

Anthu ambiri, kuphatikizapo andale omwe akuthira mabiliyoni m'mafakitale a machip, amaganiza kuti zinthu zimayenda motere: akatswiri atulukira luso, fakitale ipanga, kenako wogula afika ndi chikwama chake. Pamachip apamwamba kwambiri sizili choncho. Wogula wamkulu amalowa m'ntchito luso likadali laliwisi, ndipo katundu wake ndiye amalikhwimitsa. Iyeyo ndi mbali ya fakitale monga momwe makina alili. Ndipo popeza ogula a msinkhu umenewu padziko lonse ndi owerengeka ndi zala, komwe luso likulowera kumatengera zofuna zawo, ena onse amangotsatira pambuyo.

Nkhaniyi imayambira pa masamu a pa wafer. Wafer ndi chimbale chopyapyala cha silikoni, mamilimita 300 m'mimba mwake, pomwe machip ambiri amajambulidwa nthawi imodzi n'kudzadulidwa pamapeto. Machip a foni okula masikweya milimita 100 amakwanapo pafupifupi 640. Machip aakulu a AI, a msinkhu wa H100 ya Nvidia yomwe ndi masikweya milimita 800 ndi pang'ono, sapitirira 65. Tsono luso likakhala latsopano, zilema zimachuluka: kafumbi kagwera pakati pa mizere, kabowo kosabooka mpaka pansi, mizere iwiri yachitsulo yagundana. Tiyerekeze kuti pali chilema chimodzi pa masikweya sentimita awiri aliwonse. Pa masamu apafupi omwe mainjiniya amayerekezera nawo, machip ang'onoang'ono 60 pa 100 aliwonse atuluka amoyo, kutanthauza pafupifupi 390 pa wafer. Pa aakulu aja, opanda chilema sakwana 2 pa 100. Wafer yonse ingakupatseni chip imodzi, mwinanso osakupatsani. Zilema zikatsika kufika chimodzi pa masikweya sentimita khumi, ang'ono abwino amafika 90 pa 100, aakulu 45 pa 100. N'chifukwa chake opanga machip aakulu amaikamo zigawo zapadera zoti n'kuzimitsa zikawonongeka: H100 ili ndi zigawo zowerengera 144, koma yomwe imagulitsidwa kwambiri imagwiritsa ntchito 132. Chiwerengero cha machip abwino chimenechi amachitcha yield. Ife tingoti zokolola.

Nanga zilemazo zimatsika bwanji? Kuganiza kokha sikuzitsitsa. Wafer imodzi imadutsa m'magawo a ntchito oposa chikwi: kupaka mankhwala omva kuwala, kuwalitsa, kudya silikoni ndi plasma (mpweya wodzazidwa ndi mphamvu ya magetsi), kuthira zitsulo, kupala mpaka isalale, kutsuka, n'kuyambiranso, kwa miyezi itatu kapena inayi. Mawafer amayenda 25 m'bokosi limodzi lotsekedwa. Vuto lomwe limagwira chip imodzi pa chikwi silioneka pa mabokosi awiri oyeserera. Limabisala m'chigulu cha mavuto ena. Limaonekera mawafer akamadutsa masauzande ambiri mwezi ndi mwezi, makina ofufuza zilema, ambiri mwa iwo a kampani ya KLA, akamajambula mapu a malo owonongeka mpaka mapuwo ayambe kufanana. Zilema zikaunjikana m'mphepete mwa wafer, akatswiri amathamangira kukaona mphete yozungulira wafer m'chipinda cha plasma, mwina yadyeka. Zikamabwera pamalo amodzimodzi pa chip iliyonse, vuto lili pa mask, mbale yonyamula chithunzi cha chip. Zikamatulukira apa ndi apo popanda dongosolo pa mizere yowonda kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti kuwala kwa EUV kukufika kochepa. Njira yake ndi kuwalitsa nthawi yotalikirapo, koma pamenepo makina amatulutsa mawafer ochepa pa ola, mtengo n'kukwera. Chip yakufa amaicheka pakati n'kuiona ndi maikulosikopu ya ma elekitironi, kenako n'kulondola m'mbuyo kuti inadutsa m'makina ati, tsiku liti. Ntchito yonseyi imafuna katundu weniweni, wochuluka, wamtundu umodzi, komanso mwini wake wolipira.

Kuyambira 2014, pamene chip ya A8 ya iPhone 6 inapangidwa ndi TSMC ya ku Taiwan m'malo mwa Samsung, Apple yakhala wogula wotereyu. Mu 2015 inayesa kugawa A9 pakati pa makampani awiriwa, koma kuchokera pa A10 sinabwererenso. Imagulitsa mafoni oposa 200 miliyoni pachaka, chip yake ndi yaing'ono, ndipo tsiku lake silisunthika: iPhone yatsopano imatuluka cha mu Seputembala. Werengani chobwerera. Kuti mafoni akhale m'masitolo mwezi umenewo, machip ayenera kufika kwa olumikiza mafoni chapakati pa chaka, ndiye mawafer ayambe ulendo wawo m'miyezi yoyambirira. Fakitale ilibe pothawira. A11 inali m'gulu la machip oyamba a m'badwo wa 10nm mu 2017, A12 inatsegulira wa 7nm mu 2018, A14 wa 5nm mu 2020, A17 Pro wa 3nm mu 2023. Manambala amenewa musawatenge ngati muyeso weniweni. Ndi mayina a malonda, palibe chigawo cha transistor (kaswichi kakang'ono ka magetsi ka mu chip) chomwe n'chachitali 3nm. Chofunika kuona ndi zaka zapakatizo. TSMC sinkakhala chete kudikira kulumpha kwakukulu. Inkatulutsa N7P, N5P, N4, tizosintha ting'onoting'ono toti foni ya chaka chimenecho ikhale ndi chatsopano. Kuyenda pang'onopang'ono kumeneku kunachokera ku kalendala ya wogula yemwe mu 2023 anabweretsa pafupifupi kotala la ndalama zonse za kampaniyo. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Yerekezani ndi Intel nthawi yomweyo. Pa m'badwo wake wa 10nm inafuna kuchulukitsa matransistor ka 2.7 pakamodzi, popanda makina a EUV, pojambula mizere ina kanayi ndi kuwala kwakale komanso kulowetsa chitsulo cha cobalt m'mizere yapansi. Luso lomwe linkayembekezeka cha mu 2016 linadzafika pamsika mochuluka mu 2019. Zifukwa za m'labotale zilipo, koma palinso china chomwe anthu sachitchula kawirikawiri: Intel inali kasitomala wa iyo yokha. Fakitale ikachedwa, mbali yogulitsa inkangokonzanso machip a 14nm n'kuwagulitsa chaka china, phindu likulowabe. Panalibe mlendo woti amenye tebulo n'kunena kuti mukachedwanso ndikupita kwina. Ufulu wochedwa umenewo ndi umene unaipweteka.

Wogula wamkulu amafika kale kwambiri kuposa momwe ambiri amaganizira. Zaka ziwiri kapena zitatu luso lisanayambe kupanga katundu wogulitsa, fakitale imapereka kwa makasitomala osankhika chomwe amachitcha PDK: malamulo a kajambulidwe, zitsanzo za pakompyuta zosonyeza momwe transistor idzagwirire ntchito, ndi timagawo toyambira tomangira chip. Imayamba pa 0.1, kenako 0.5, n'kudzafika pa 1.0. Wojambula pa 0.5 akumanga nyumba pamaziko omwe akusunthabe. Lamulo la mpata wapakati pa mizere likasintha, mainjiniya mazana abwereza ntchito ya miyezi. Chitsanzo cha pakompyuta chikanama, chip itabwera kuchokera kufakitale imadya magetsi ambiri kuposa omwe anawerengera, ndipo kukonza kumafuna mask atsopano a mamiliyoni ambiri a madola ndi miyezi ina yodikira. Kampani yaing'ono singapirire zimenezi. Yaikulu imapirira, ndipo malipiro ake ndi mpando pabwalo pomwe malamulowo akupangidwa. Ikanena kuti kutalika kwa timagawo kotere sikukugwirizana ndi purosesa yathu, kapena kuti tikufuna transistor yotaya magetsi ochepa ngakhale ichedweko, fakitale imamva. Makampani a mapulogalamu ojambulira machip, Synopsys ndi Cadence, nawonso amakonza zida zawo potsata mavuto omwe wogula woyambayo wakumana nawo. Wobwera pa 1.0 amapeza njira yolambulidwa, koma yolambulidwa kuloza kwa mnzake.

Mphamvu ya wogula simathera pakhomo la fakitale. Mafakitalewo nawonso ndi makasitomala a opanga makina, ndipo chitsanzo choonekeratu ndi cha EUV. Makina amenewa amawombera timadontho ta chitsulo cha tin 50,000 pa sekondi ndi laser yamphamvu ya kampani ya Trumpf, kuti titulutse kuwala kwa 13.5nm. Kuwalako kumamezedwa ndi mpweya ngakhalenso galasi, choncho kumayenda m'malo opanda mpweya, kukuwongoleredwa ndi akalilole a Zeiss, ndipo kalilole aliyense amadyako gawo lake. Kwa zaka zambiri kuwala kofika pa wafer kunali kochepa moti makinawo sakanapindulitsa aliyense. Pofika 2012 ASML ya ku Veldhoven ku Netherlands inali isanaone mapeto a ntchitoyi, ndipo ndalama zinkapita ngati madzi. Chaka chimenecho makasitomala ake atatu anagula magawo m'kampaniyo: Intel 15 peresenti, TSMC 5, Samsung 3, kuwonjezera pa mayuro 1.38 biliyoni othandizira kafukufuku kwa zaka zisanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chaka chotsatira ASML inamaliza kugula Cymer ya ku San Diego, yomwe inkapanga gwero la kuwalako. Chodabwitsa n'chakuti yemwe anaika ndalama zambiri sanakhale woyamba kudya. TSMC ndi Samsung anayamba kupanga machip ogulitsa ndi EUV mu 2019. Intel inadzafika mu 2023. Kugula masheya ndi chinthu china, kukhala ndi katundu woti adutse m'makinawo tsiku ndi tsiku ndi chinanso.

Ndalama zina za mu 2012 zinali za chinthu chomwe lero chinaiwalika: mawafer a mamilimita 450. Papepala zinali zomveka, chifukwa wafer yotere ili ndi malo oposa kawiri a ya 300. Mu 2011 makampani asanu, Intel, TSMC, Samsung, IBM ndi GlobalFoundries, anakhazikitsa mgwirizano ku Albany ku New York woti ayesere makina ake. Opanga makina, omwe ankakumbukira kuti kusamukira pa 300 kunawatengera zaka kuti abweze ndalama zawo, ankafuna maoda enieni. Maodawo sanabwere, ndipo patangopita zaka zochepa ntchitoyo inangozilala. Palibe lamulo la sayansi lomwe linaletsa mawafer a 450.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 makampani oposa khumi ankatha kupanga machip a luso lapamwamba la nthawiyo. Lero atsala atatu: TSMC, Samsung ndi Intel. Fakitale imodzi yamakono imadya madola oposa 20 biliyoni, TSMC yokha inawononga pafupifupi 30 biliyoni pa makina ndi nyumba mu 2024, ndipo m'mabuku ake mtengo wa makina umafafanizidwa m'zaka zisanu. Makina akakhala osagwira ntchito mwezi umodzi, ndalama ya mwezi umenewo yapita basi. GlobalFoundries inawerenga masamu amenewa mu Ogasiti 2018 n'kusiya 7nm: makasitomala ake a luso lapamwamba, makamaka AMD ndi IBM, sakanadzaza fakitale mokwanira kubweza ndalama. Sikunali kupusa ayi, kampaniyo ikadalipo ndipo ikupanga machip a mibadwo yakale omwe dziko likuwafunabe. Koma AMD inatengera machip ake onse a 7nm ku TSMC, ndipo wafer iliyonse ya mapurosesa ake a Ryzen ndi Epyc inakhala phunziro lowonjezera kwa yemwe anali kale patsogolo.

Samsung ikuonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Ndalama ili nazo, akatswiri ili nawo, ndipo mu Juni 2022 inakhala yoyamba padziko kulengeza kuti yayamba kupanga machip a 3nm ndi transistor yamtundu watsopano, yomwe chipata chake chimazungulira njira ya magetsi mbali zonse. Kukhala woyamba sikunabweretse ogula. Chaka chomwecho Qualcomm inachotsa Snapdragon 8 Gen 1 ku Samsung anthu atadandaula kuti mafoni akutentha, n'kutulutsa 8+ Gen 1 ku TSMC, ndipo inalengeza kuti yatsopanoyo ikusunga magetsi ndi 30 peresenti. Nvidia, yomwe inapangitsa machip ake a RTX 30 ku Samsung, inabwerera ku TSMC pa RTX 40. Google nayo inasamutsira chip yake ya Tensor ku TSMC mu 2025. Apa pali msampha woipa: zokolola zikachepa wogula amachoka, wogula akachoka mawafer amachepa, mawafer akachepa zilema sizipezeka msanga, zokolola n'kukhalabe pansi.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndaitembenuza: makasitomala amapita ku TSMC chifukwa ndi yodziwa ntchito, si iwo anaiphunzitsa. Mfundo imeneyi ili ndi mutu. TSMC inali kale ndi luso Apple isanafike. Katswiri wake Burn Lin ndiye anakankha dziko mu 2002 kuti liike madzi pakati pa galasi la makina ojambulira ndi wafer m'malo mothamangira kuwala kwa 157nm, ndipo njira imeneyo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Koma funsani chifukwa chomwe makasitomala anaikhulupirira poyamba. Morris Chang atakhazikitsa kampaniyi mu 1987 analonjeza kuti sidzapanga chip yakeyake yopikisana ndi ogula. Kupereka mapulani a chip yako kufakitale n'kuulula chinsinsi cha malonda a zaka ziwiri zikubwerazo. Apple inasumira Samsung mu 2011 pa nkhani ya mafoni, kwinaku Samsung yomweyo ikuipangira purosesa. Ukwati wotero sukanatha kukhalitsa. Intel nayo lero ikupempha AMD ndi Nvidia, omwe ikulimbana nawo pamsika, kuti aibweretsere mapulani awo. Ndipo Paul Otellini, yemwe ankatsogolera Intel, anavomereza yekha mu 2013 kuti anakana mwayi wopanga chip ya iPhone yoyamba chifukwa mtengo womwe Apple inkafuna unkaoneka wotsika. Luso limakoka wogula, n'zoona, koma lusolo limakula ndi mawafer a wogulayo, ndipo yemwe wataya wogula woyamba amataya ndi maphunziro omwe akanakokera wachiwiri.

Kudalira ogula ochepa kuli ndi ngozi yake, ndipo TSMC inailawa. Huawei, kudzera m'nthambi yake ya HiSilicon, inali kasitomala wachiwiri pa ukulu, ndipo Kirin 990 5G ya 2019 inali m'gulu la machip oyamba ogulitsidwa omwe anapangidwa ndi EUV. Mu Meyi 2020 boma la America linakhwimitsa malamulo, ndipo pofika pakati pa Seputembala TSMC inaleka kutumiza katundu ku Huawei. Dzenjelo linakwiririka msanga chifukwa ena anali pamzere kudikira malo. Fakitale yomwe ilibe mzere wotero, wogula mmodzi akachoka ndiye kuti magetsi azima.

Pomwe dzanja la kasitomala limaonekera bwino kwambiri masiku ano ndi pa kulongedza chip, ntchito yomwe kale inkaonedwa ngati yonyozeka, yongomatira ndi kutseka. TSMC inatulutsa njira yotchedwa CoWoS cha mu 2011, yoika machip angapo pa kachimbale kena ka silikoni kokhala ndi mizere yowalumikiza. Kampani ya machip ya Xilinx inaigwiritsa ntchito, koma ambiri anati ndi yodula. Kampaniyo inakonza ina yotsika mtengo ndi yopyapyala, InFO, yomwe inalowa mu iPhone 7 mu 2016 n'kuthandiza kumangirira Apple. CoWoS inakhala pakona zaka zingapo mpaka AI inafika. Makina ojambulira satha kuwalitsa malo oposa mamilimita 26 kwa 33 pakamodzi, ndiye chip imodzi singakule kupitirira masikweya milimita 858. H100 inali itatsala pang'ono kugunda khoma limenelo, komanso inkafuna milu ya memori yothamanga kwambiri yotchedwa HBM pambali penipeni pake. Mu 2023 dziko lonse likulira kusowa kwa machip a AI, Mark Liu, yemwe anali wapampando wa TSMC, ananena poyera kuti chosowa ndi malo olongedzera a CoWoS. Blackwell, chip ya Nvidia yotsatira H100, inapitirira: machip awiri aakulu olumikizidwa kuti agwire ntchito ngati imodzi. Vuto la phukusi lalikulu chotere ndi kupindika. Silikoni, pulasitiki yomatira ndi bolodi yapansi zimafutukuka mosiyana zikatenthedwa, ndipo phukusi likapindika pang'ono chabe, timalumikizidwe tating'onoting'ono timaduka. Ukataya phukusi wataya machip awiri abwino ndi memori yodula pamodzi. Mafakitale atsopano olongedzera omwe akumangidwa ku Taiwan akumangidwa chifukwa cha oda ya makampani ochepa.

Ndalama nazo zasamuka. Kumayambiriro kwa 2022 machip a makompyuta amphamvu anapitirira a mafoni pa ndalama zolowa ku TSMC, ndipo mu 2024 anafika 51 peresenti pomwe a mafoni anali 35. Luso likutsatira. Chip ya foni imafuna kusunga batire; chip ya AI imadya mawati mazana ambiri ndipo vuto lake ndi kufikitsa magetsi kwa matransistor popanda kutayikira m'njira. Pachikhalidwe mizere ya magetsi ndi ya uthenga zimapanikizana pamwamba pa transistor m'nsanjika zoposa khumi. Njira yatsopano ndi kutembenuza wafer, kuipala kumsana mpaka itatsala yopyapyala kwambiri, n'kudutsitsa magetsi kuchokera pansi. Intel imaitcha PowerVia ndipo ili m'badwo wake wa 18A. TSMC yaiika m'badwo womwe imautcha A16, n'kunena mosabisa kuti ndi woyenera machip a makompyuta amphamvu. Ntchitoyi imawonjezera magawo, imakweza mtengo, ndipo imavutitsa kutulutsa kutentha. Foni yotsika mtengo ilibe nayo ntchito kwenikweni. Ikuchitika chifukwa omwe akulipira kwambiri tsopano akuifuna.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti oyamikira dongosololi amadumpha mfundo. Chomwe chili chabwino kwa wogula woyamba sichikhala chabwino kwa onse. M'badwo woyamba wa 3nm, N3B, unafika pa nthawi ya Apple, koma unali wodula ndi wovuta moti makasitomala ena ambiri anaudumpha n'kudikira N3E, womwe unachepetsa nsanjika za EUV n'kumasulako miyeso. Ndipo mu N3E kachipinda ka memori ya SRAM ndi masikweya maikulomita 0.021, chimodzimodzi ndi mu 5nm. Kwa wojambula yemwe theka la chip yake ndi SRAM, ndiye kuti akulipira mtengo wa m'badwo watsopano pa malo omwe sanachepe n'komwe. AMD inazemba vutoli podula purosesa m'tizidutswa, zowerengera pa luso latsopano, zolumikizira kunja pa lakale, n'kusanjikanso memori pamwamba. Nzeru yabwino, koma yofuna gulu la mainjiniya lomwe kampani yongoyamba kumene ilibe.

Opanga magalimoto anaphunzira malo awo pamzere mowawa. Mliri wa Covid utayamba mu 2020 anachepetsa maoda poganiza kuti anthu sagula magalimoto. Malo awo m'mafakitale anatengedwa ndi opanga malaputopu ndi zida za intaneti. Atabwerera anapeza chitseko chotseka, ndipo mu 2021 mafakitale a magalimoto ku Ulaya, ku America ndi ku Japan ankaima chifukwa cha tizichip ta madola ochepa topangidwa ndi luso la 40nm kapena lakale kuposa apo. Nthawi yomweyo makampani aakulu a machip ankalipiriratu mabiliyoni kuti asungiridwe malo. Magalimoto amabweretsa pafupifupi 5 peresenti yokha ya ndalama za TSMC, ndipo chip ya galimoto ikavomerezedwa pambuyo pa mayeso a zaka, siisamutsidwa wamba kupita kufakitale ina. Wogula wotere amalira mokweza, koma sasuntha mapulani a fakitale.

Maboma omwe akufuna mafakitale kwawo akanayenera kuyambira pa funso la wogula. America inakhazikitsa lamulo la CHIPS mu Ogasiti 2022 ndi madola oposa 52 biliyoni, mayiko a ku Ulaya n'kubwera ndi lawo chaka chotsatira. Onani zomwe zayenda. Fakitale ya TSMC ku Kumamoto ku Japan inatsegulidwa mu Febuluwale 2024, ndipo Sony ndi Denso, omwe adzagule katundu wake, ali ndi magawo momwemo. Ya ku Dresden ikumangidwa pamodzi ndi Bosch, Infineon ndi NXP, pa luso lakale lomwe magalimoto a ku Germany amafunadi. Ya ku Arizona inali ndi Apple, AMD ndi Nvidia isanatulutse wafer yoyamba, ngakhale luso lomwe ikugwiritsa ntchito linakhwimira ku Taiwan zaka zingapo m'mbuyomo. Tsono onani zomwe zatsimphina. Fakitale ya Intel ku Magdeburg, yomwe boma la Germany linalonjeza kuithandiza ndi mayuro pafupifupi 10 biliyoni, inaimitsidwa mu 2024 n'kuthetsedwa mu Julayi 2025. Ya ku Ohio yakankhidwira cha ku 2030. Ya Samsung ku Taylor ku Texas inachedwa mpaka Tesla inasaina mgwirizano wa madola 16.5 biliyoni mu Julayi 2025. Ndalama za boma zikanagwira ntchito bwino zikanamangiriridwa ku oda yeniyeni, ngakhale kulipira wogula gawo la ndalama zomwe angataye posamutsira chip yake kufakitale yosayesedwa, chifukwa ngozi imeneyo ndi imene imamuletsa.

Rapidus ya ku Japan, yomwe inakhazikitsidwa mu 2022 ndipo ikumanga ku Chitose ku Hokkaido ndi luso la 2nm lochokera ku IBM, ikufuna kuyamba kupanga katundu wambiri mu 2027. Ikuti idzayendetsa wafer imodziimodzi m'malo mwa magulu, kuti iphunzire msanga ndi mawafer ochepa komanso kuti itumikire ogula ang'onoang'ono mwachangu. Ndi kuyesa kuzemba masamu omwe tayamba nawo aja, ndipo ndikukayika ngati chilema chogwira chip imodzi pa chikwi chingaoneke popanda machip mamiliyoni. Ku Intel, boma la America linatenga magawo pafupifupi 10 peresenti mu Ogasiti 2025, ndipo mwezi wotsatira Nvidia inalengeza kuti iikamo madola 5 biliyoni. Mitengo ya masheya inakwera. Koma mgwirizano wa Nvidia unali wopangira limodzi mapurosesa ena, ndipo munalibe lonjezo loti machip ake a AI adzapangidwa m'mafakitale a Intel. Mawafer a machip amenewo akupangidwabe ndi TSMC, ndipo pofika kumapeto kwa 2025, 14A inali ikudikirabe kampani yomwe ingatenge PDK yosakhwima n'kujambulapo chip yomwe ikufuna kugulitsa mamiliyoni.